Dzino Lazulidwa, Nanga Implant Ilowe Liti?

Zipatala zambiri za mano masiku ano, ku London, ku Istanbul, ku Johannesburg, zikukopa anthu ndi lonjezo lokoma m'khutu: bwerani m'mawa ndi dzino lanu lovunda, madzulo mubwerere kwanu ndi latsopano. Munthu amene dzino lakutsogolo lamuthyokera, amene akuyankhula dzanja lili pakamwa ndipo analeka kuseka pagulu, sangamve lonjezo lotere n'kungodutsa. Ndipo si bodza ayi. N'zotheka kuzula dzino ndi kuika implant m'dzenje lomwelo wodwala asanadzuke pampando. Chimene madokotala a mano akhala akukanganirana kwa zaka pafupifupi 50 ndi china: kodi fupa ndi nkhama zimapola motani chitsulocho chikalowa tsiku lomwelo, nanga chikalowa patapita masabata 6, miyezi 4, kapena chaka chathunthu? Ine ndikuona kuti yankho lagona pa kakhoma kopyapyala ka fupa kamene kabisala kuseri kwa mlomo, ndipo nkhani yake iyenera kukambidwa dzino likadali m'kamwa.

Implant ndi muzu wochita kupanga: kachitsulo ka mazinga, kawirikawiri ka titanium, kamene dokotala amakalowetsa m'fupa la nsagwada, ndipo fupa likakagwira amamangirirapo dzino loikirira. Amene anatsegula njirayi ndi Per-Ingvar Brånemark wa ku Sweden. M'zaka za m'ma 1950 iye ankafufuza kayendedwe ka magazi m'mafupa a akalulu, ndipo atafuna kuchotsa tizipangizo ta titanium timene analowetsa m'mafupamo, anapeza kuti fupa latikakamira, kutuluka kwakanika. Mu 1965, ku Gothenburg, anaika ma implant m'kamwa mwa munthu woyamba, Gösta Larsson, amene anatafunira mano amenewo kufikira imfa yake mu 2006. Koma Brånemark anali munthu wosapupuluma. Lamulo lake linali lakuti pamene pazulidwa dzino papole kaye kwa miyezi yambiri; chitsulo chikalowa, chikwiriridwe pansi pa nkhama osachisuntha, miyezi 3 kunsagwada yam'munsi, miyezi 6 kunsagwada yam'mwamba. Kuphatikiza zonse, munthu ankatha chaka ndi kupitirira ali ndi gweru.

Si onse anakhutira nazo. Mu 1976, ku Tübingen m'dziko la Germany, Willi Schulte anayamba kuika muzu wopangidwa ndi aluminium oxide m'dzenje la dzino longozulidwa kumene. Mizu yakeyo inkathyoka, ndipo m'kupita kwa nthawi inasiyidwa, koma ganizo lake silinafe, pakuti linali lomveka. Aliyense amene waonapo agogo opanda mano akudziwa kuti nsagwada imafota, masaya n'kulowa mkati. Anthu anati fupa limafota posowa ntchito. Tsono muzu watsopano ukalowa m'malo mwa wakale tsiku lomwelo, fupa likhala ndi chogwira ndipo silichoka. Kwa zaka zambiri mfundoyi inkaphunzitsidwa ngati yosakayikitsa.

Kuti tione pamene inaphonya, tiyenera kusuzumira m'dzenjemo. Mu 1969 Melvin Amler analongosola mmene dzenje la dzino limapolera mwa anthu, ndipo ndondomeko yake ikuphunzitsidwabe. Tsiku loyamba magazi amadzaza dzenje n'kuundana. Magazi oundanawa ndiwo maziko a zonse zobwera, n'chifukwa chake dokotala amati musachukuche mwamphamvu, musalavulelavule, musasute. Magaziwo akachoka, fupa limatsala poyera, ndipo kuyambira tsiku lachiwiri mpaka lachinayi pamabwera ululu woposa wa dzino lija. Sabata yoyamba ikamatha, pamalo pa magazi pamakhala patamera mnofu wanthete wodzaza ndi timitsempha, ndipo pansi penipeni pa dzenje fupa latsopano limayamba kuonekera. M'sabata yachitatu mnofuwo umakhwima. Cha m'masabata 4 ndi 5 nkhama imatseka pamwamba. Pofika masiku pafupifupi 40, magawo awiri mwa atatu a dzenje amakhala atadzaza fupa, koma fupa lake lanthete, limene thupi liyenera kuliphwasula ndi kulimanganso kwa miyezi ingapo kuti likhale lokhwima. Ofufuza a pambuyo pake anapeza kuti anthu amasiyana kwambiri pa liwiro limeneli. Mwa ena ntchitoyi imakhala isanathe ngakhale pa miyezi 6.

Izi ndi za mkati. Kunja kumachitika zosiyana: dzenje likudzaza, makoma ake akugumuka. Dzino silinamatidwe kufupa. Limalendewera pa tiulusi tambirimbiri, nsonga imodzi italowa m'muzu, inayo italowa m'kafupa kopyapyala koyalidwa mkati mwa dzenje, kamene akatswiri amakatcha bundle bone. Kafupa aka kanabwera ndi dzino, kamadyetsedwa ndi magazi odzera m'tiulusi tomweto, ndipo ntchito yake ndi imodzi yokha, kugwira dzino. Dzino likachoka tiulusi timaduka, ndipo m'masabata oyambirira maselo odya fupa amayamba kukachotsa. Kumbali yamkati, ya lilime, khoma ndi lochindikala. Kafupaka kakachoka, kuseri kwake kumatsala fupa lina. Kumbali ya mlomo, makamaka pa mano akutsogolo am'mwamba, nsonga ya khoma nthawi zambiri ndi kafupa komweka kokhakokha. Kakapita, khoma lapita.

Kukula kwa vutoli kunayezedwa. Mu 2003 Lars Schropp ndi anzake ku Aarhus, m'dziko la Denmark, anatsatira anthu 46 amene anazulidwa dzino lotafunira. Pakutha pa miyezi 12 fupa linaonda ndi theka, kuchoka pa mamilimita pafupifupi 12 m'lifupi kufika pa 6, ndipo magawo awiri mwa atatu a kuondako anachitika m'miyezi 3 yoyambirira. Mu 2005 Mauricio Araújo wa ku Brazil ndi Jan Lindhe wa ku Gothenburg anaonetsa mwa agalu kuti khoma la kumlomo ndilo limatsika kwambiri. Chaka chomwecho iwo ndi anzawo anaika mfundo yakale ija pa sikelo: dzenje lina analowetsamo implant nthawi yomweyo, lina analisiya lokha. Patapita miyezi 3 khoma lakunja linali litatsika mofanana konsekonse. Mwa anthu zinali zitaoneka kale mu 2004, pamene Daniele Botticelli ndi anzake anaika ma implant 21 mwa anthu 18 atangowazula mano. Atatsegulanso patapita miyezi 4, fupa la kumlomo linali litachepa ndi 56 peresenti, lamkati ndi 30 peresenti.

Mtengo wa m'mphepete mwa mtsinje umagwira gombe ndi timizu take tating'onoting'ono. Mukauzula n'kuzikapo mzati wachitsulo pamalo pomwepo, mzatiwo ukhoza kuima nji, koma dothi lipitabe ndi madzi, pakuti chimene chinkaligwira si thunthu. Implant ilibe tiulusi. Fupa limaikakamira, inde, koma kafupa ka dzino kaja kachokabe, kaya chitsulo chalowa lero kaya mawa.

Pamenepa funso loyamba limakhala lakuti khomalo ndi lochindikala bwanji. Mu 2013 Vivianne Chappuis ndi anzake ku Bern, ku Switzerland, anajambula anthu 39 ndi makina a CBCT, amene amaonetsa fupa mbali zonse, tsiku lozula dzino lakutsogolo komanso patapita masabata 8. Pamene khoma linali la milimita 1 kapena kuchepera, linatsika mamilimita pafupifupi 7.5. Pamene linali lochindikala kuposa apo, linatsika 1.1 basi. Kuti mumve kukula kwa nambalayi, dziwani kuti gawo looneka la dzino lakutsogolo ndi lotalika mamilimita 10 kapena 11. Ndipo zoyeza zina zaonetsa kuti mwa mano 10 akutsogolo am'mwamba, pafupifupi 9 ali ndi khoma lopyapyala chotero. Anthu awiri akhoza kuzulidwa dzino lofanana tsiku limodzi, ndi dokotala mmodzi, koma pakutha pa miyezi iwiri pakamwa pawo n'kukhala posiyana kotheratu. Chithunzi wamba cha X-ray sichionetsa khoma limeneli, chifukwa muzu umaliphimba.

Pamsonkhano wa bungwe la International Team for Implantology umene unachitikira ku Gstaad mu 2003, Christoph Hämmerle, Stephen Chen ndi Thomas Wilson anagawa nthawi yoikira implant panayi, potsata kupola kwa dzenje: tsiku lomwelo, patapita masabata 4 mpaka 8, nkhama itatseka, patapita masabata 12 mpaka 16, fupa litadzaza ndithu, ndi pamene papola kotheratu, zimene masiku ano amaziwerenga kuyambira miyezi 6. Chimene chimandikomera pa kagawidwe aka n'chakuti manambalawo ndi ongolozera. Chofunika ndi pamene chilonda chafika, ndipo dzenje lalikulu kapena munthu wodwaladwala amafika mochedwa.

Ubwino wa tsiku lomwelo suvuta kuuona. Opaleshoni ndi imodzi, miyezi yodikira imachepa, ndipo nthawi zina dzino longogwirizira limamangidwapo pomwepo n'kumachirikiza tinsonga ta nkhama ta pakati pa mano, timene tikagwa timavuta kudzutsa. Koma dzenje la dzino silinakumbidwe molingana ndi implant. Ndi lotakasuka kukamwa, lopapatiza pansi, ndipo si lozungulira bwino. Chitsulo chikalowa pamatsala mpata, ndipo kuti chigwire, dokotala ayenera kuboola mamilimita 3 kapena 4 kupyola pamene panathera muzu, atatsamira pakhoma lamkati. Choboolera chimakonda kuterereka pakhoma lolimbalo n'kuthawira kumlomo. Implant imene yapendekera kumlomo ngakhale pang'ono ndiyo pakapita zaka imayamba kuonetsa kamdima kupyola nkhama, kenako mazinga ake enieniwo.

Palinso nkhani ya kugwira. Tsiku loyamba implant imagwira chifukwa mazinga ake aluma fupa. Fupa lolumidwalo limavulala, ndipo thupi limayamba kulichotsa lisanamalize kumanga latsopano. Motero cha m'sabata yachitatu ndi yachinayi chitsulo chimakhala chofooka kuposa tsiku limene chinalowa: kugwira kwakale kukutha, kwatsopano sikunafike. Izi zimachitikira implant iliyonse, koma ya m'dzenje latsopano imakhala inayamba kale ndi pogwira pochepa. Ikasunthidwasunthidwa pa nthawi imeneyi, mwina wodwala waiwala n'kuluma chimanga chokazinga ndi dzino longogwirizira, pamalo pa fupa pamamera mnofu, ndipo implant yotere sidzagwiranso. Choncho kuika chitsulo tsiku lomwelo ndi kutafunira tsiku lomwelo ndi nkhani ziwiri, ngakhale otsatsa malonda amakonda kuziphatikiza. Abale athu a ku Britain amene amakwera ndege kukaikitsa mano ku Istanbul kapena ku Budapest kwa sabata imodzi aganizirepo apa: masabata ovutawo amawapeza atabwerera, dokotala amene anagwira ntchitoyo ali kutali.

Nanga zotsatira zake zikuti chiyani? Mu 2019 Jan Cosyn wa ku Ghent ndi anzake anaphatikiza kafukufuku woyerekeza kuika tsiku lomwelo ndi kudikira, ndipo anapeza kuti ma implant a tsiku lomwelo amene anakhalitsa anali 94.9 peresenti, pamene odikira anali 98.9 peresenti, onse olephera analephera koyambirira, fupa lisanagwire. Mu 2017 Maurizio Tonetti ndi anzake anagawa anthu 124 mwa maere, ena kuikidwa tsiku lomwelo, ena patapita masabata 12. Chilonda chinavuta kupola mwa 26 peresenti ya oyambawo ndi 5 peresenti yokha ya odikira. Kuwonjezera fupa kunafunika mwa 72 peresenti ya a tsiku lomwelo ndi 44 peresenti ya odikira, ndipo nkhama yosaoneka bwino inapezeka mwa 42 peresenti ya oyambawo poyerekeza ndi 19. Stephen Chen ndi Daniel Buser, poona zolembedwa zonse mu 2014, anapeza kuti nkhama ya kumlomo imabwerera m'mbuyo kupitirira milimita 1 pa malo pafupifupi amodzi mwa anayi oikidwa tsiku lomwelo.

Wina anganene kuti 95 pa 100 si nambala yoipa, ndipo ndi zoona. Koma kukhalitsa kwa chitsulo ndi kupola bwino kwa pakamwa si chinthu chimodzi. Implant ikhoza kugwira nji kwa zaka 20 pamene dzino lake likuoneka lalitali kuposa linzake ndipo nkhama yake yada. Pa dzino lakumbuyo zimenezi palibe amaziona. Pa dzino lakutsogolo, munthu analipira ndalama zake kuti aziseka momasuka, ndipo kukonza nkhama yobwerera pa implant ndi imodzi mwa ntchito zovuta kwambiri m'udokotala wa mano.

Sindikufuna kuipondereza njirayi, pakuti m'manja oidziwa ndi pamalo oyenera imatulutsa ntchito yokongola. Malo oyenerawo ndi awa: khoma la kumlomo lili lonse ndipo ndi la milimita 1 kapena kuposa, nkhama ndi yochindikala, palibe chotupa chotuluka mafinya, ndipo kupyola muzu kuli fupa lokwanira. Matenda akale ozizira a kunsonga kwa muzu saletsa ngati dzenje lapalidwa bwino. Oichita mosamala amazula dzino osang'amba nkhama, amakankhira chitsulo kumbali yamkati, amasiya mpata wa mamilimita 2 kapena kuposa kumlomo n'kuudzaza ndi ufa wa fupa wosatha msanga, ndipo kawirikawiri amatenga kanyama kumwamba kwa kamwa kuti achindikalitse nkhama. Taonani kuti zonsezi ndi njira zobwezera chimene akudziwa kuti chichoka. Ngakhale Joseph Kan wa ku Loma Linda, mmodzi mwa amene anatchukitsa kumangirira dzino logwirizira tsiku lomwelo, atatsatira odwala ake kwa zaka zingapo analemba mu 2011 kuti nkhama ya kumlomo imapitiriza kubwerera, makamaka mwa a nkhama yopyapyala. Mu 2010 Markus Hürzeler wa ku Munich anapita patali: anasiya dala kabenthu ka muzu kumbali ya mlomo, kuti tiulusi take tipitirize kusunga khoma, n'kuika implant kuseri kwake. Njirayi ndi yovuta kuichita ndipo umboni wake wa zaka zambiri ukadali wochepa, koma ikutsimikiza mfundo yonseyi, yakuti chimene chimasunga khoma ndi muzu.

Njira ya masabata 4 mpaka 8 ndiyo ndimaiona yanzeru pa mano ambiri akutsogolo. Amene anaikulitsa ndi Daniel Buser ku Bern. Dokotala amazula dzino mosamala, amapala dzenje, n'kulisiya. M'masabata amenewo zinthu zingapo zimadzichitira zokha. Nkhama imatseka ndipo imachuluka, motero podzasoka padzakhala chophimbira chokwanira. Chappuis anapezanso kuti pamene khoma lopyapyala lasungunuka, mnofu wa pamenepo umachindikala kangapo konse. Matenda amene analipo amatha, popeza gwero lake lachoka. Kafupa ka dzino kamakhala katapita kale, ndipo dokotala akatsegula amaona chenicheni chimene chatsala, osachita kulota chimene chidzatsale. Komabe nthawi siinatalike: fupa la m'mbali, limene mano oyandikana akulisunga, likadalipo, ndipo pobowoka pamakhala ngati kachikwama kokhala ndi makoma. Mmenemo amathiramo tizibenthu ta fupa la wodwala yemwe pachitsulo, pamwamba pake ufa wa fupa wosatha msanga, n'kuphimba ndi kansalu ka collagen. Mu 2013 gulu la Buser linalemba za anthu 41 amene linawatsatira kwa zaka 5 mpaka 9. Pafupifupi onse anali ndi khoma latsopano la mamilimita 2 ndi nkhama yokhazikika. Mtengo wake ulipo: maopaleshoni awiri, kutupa kochulukirapo, ndi miyezi ingapo ya dzino lovula ndi kuvala. Tinenenso chilungamo kuti umboni wambiri wa njirayi wachokera ku chipatala chimodzi cha akatswiri, ndipo zimene zimatheka ku Bern sizitheka ndi dzanja lililonse.

Masabata 12 mpaka 16 amayenera kwambiri mano otafunira akumbuyo. Awa ali ndi mizu iwiri kapena itatu, dzenje lawo ndi lalikulu kuposa implant iliyonse, ndipo n'kwanzeru kulola fupa lidzazemo kaye kuti chitsulo chipeze poluma. Chimodzimodzinso pamene kunsonga kwa muzu kunali chotupa chachikulu. Tisaiwale kuti pofika nthawi imeneyi gawo lalikulu la kuonda kumene Schropp anayeza limakhala litachitika.

Kudikira miyezi 6 ndi kupitirira ndiko kumapatsa chitsulo fupa lokhwima, koma lochepa. Pali amene ayenera kudikira: mayi woyembekezera, munthu amene anachotsedwa chotupa chachikulu m'nsagwada, amene akusonkhanitsa ndalama. Kwa iwo pali chochita tsiku lozula lomwelo. Dokotala amadzaza dzenje ndi ufa wa fupa n'kulitseka pamwamba. Kafupa ka dzino kamachokabe, koma mnofu sugwera mkati, ndipo kafukufuku wophatikizidwa akuonetsa kuti njirayi imapulumutsa mamilimita pafupifupi 2 m'lifupi. Mamilimita awiri amenewo nthawi zambiri ndiwo amasiyanitsa opaleshoni yaing'ono ndi yaikulu. Ufawo umachedwetsa kukhwima kwa fupa, tsono amadikira miyezi 4 mpaka 6. Pano pali kanthu kamene odwala ambiri sauzidwa: ufa wotchuka kwambiri umachokera ku fupa la ng'ombe, ndipo tinsalu tambiri ta collagen timachokera ku nkhumba. Msilamu kapena wa Seventh-day Adventist ali ndi ufulu wodziwa zimenezi asanagone pampando, pakuti zopangidwa popanda nyama zilipo.

Choipa kuposa zonse ndi kudikira kopanda dongosolo, gweru longosiyidwa kwa zaka. Mano oyandikana amapendekera mumpatamo, loyang'anizana nalo limatalika posowa cholumana nacho, ndipo fupa limapitiriza kufota pang'onopang'ono. Kumwamba chakumbuyo, mphako ya mpweya ya m'fupa la tsaya, imene madokotala amati sinus, imatsikira pamene panali mizu. Kumunsi, mtsempha umene umapereka mphamvu yomva kumlomo ndi kuchibwano umakhala utayandikira pamwamba. Wotere implant akhoza kuikidwabe, koma atayamba wamangidwira fupa, ntchito ya miyezi yambiri ndi ndalama zambiri.

Masabata onse tawerengawa ndi a thupi labwinobwino. Fodya amapanikiza timitsempha timene chilonda chikudalira, ndipo ma implant a osuta amalephera kawirikawiri kuposa a osasuta. Matenda a shuga osasamalidwa amachedwetsa gawo lililonse la kupola. Matenda a nkhama, ngati sanachizidwe, amasamukira pachitsulo. Mankhwala olimbitsa mafupa a mtundu wa bisphosphonate, ndi ena monga denosumab, amene amaperekedwa kwa odwala khansa ndi a mafupa ofooka, amagoneka maselo odya fupa aja. Ndipo popeza fupa silipola popanda kuphwasulidwa, chilonda cha m'nsagwada chikhoza kukana kutseka, vuto limene Robert Marx analilongosola mu 2003. Aliyense womwa kapena kubayidwa mankhwalawa anene asanazulidwe dzino lililonse.

Kwathu kuno ma implant akupezeka m'zipatala zochepa zolipira za m'mizinda, pamtengo umene ambiri sangaufike, ndipo maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anangoyamba mu 2019 ku College of Medicine, imene tsopano ili m'Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow. Komabe nkhaniyi ikutikhudza, chifukwa kuzula ndicho chithandizo chimene ambiri amalandira akapita ndi dzino lopweteka, ndipo kazulidwe kake ndi kamene kamasankha chimene chidzatheke m'tsogolo. Kugwedezera dzino kumlomo mwamphamvu kumathyola kakhoma kaja pomwepo. Chizolowezi chakale chofinya makoma a dzenje ndi zala dzino litatuluka chimapanikiza fupa limene likanafunika mawa. Dzino la mizu ingapo likagawidwa n'kutulutsa muzu umodziumodzi, makoma amatsala. Munthu amene akulingalira za implant, ngakhale ya zaka zitatu zikubwerazo, anene zimenezo dzino lisanakhudzidwe. Ndipo chitsa cha dzino chimene sichikupweteka komanso chilibe matenda sichifunika kuchithamangira. Chikadali m'malo mwake chikusunga fupa kufikira dongosolo litapangidwa.

Izi zimaoneka kwambiri pa ana. Mnyamata wa zaka 12 akagwa panjinga dzino lakutsogolo n'kuguluka, implant si yake. Chitsulo chogwidwa ndi fupa sichiyenda. Nsagwada ikamakula mano ena amatsika nayo, icho n'kutsalira m'mwamba. Ayenera kudikira mpaka kukula kutatha, cha m'ma 18 kapena kupitirira, ndipo anyamata amachedwerapo kuposa atsikana. Zaka zonsezo fupa lopanda muzu likufota. N'chifukwa chake dzino lachikulu loguluka pangozi siliyenera kutayidwa. Ligwireni kumutu, osati kumuzu. Ngati lada, litsukuluzeni pang'ono osalipala. Libwezereni m'dzenje mwake nthawi yomweyo, ndipo zikakanika liikeni mu mkaka n'kuthamangira nalo kuchipatala ola lisanathe, tiulusi ta pamuzu tisanaume. Dzino loyamba la ubwana lokha ndilo silibwezeredwa. Lobwezeredwalo mwina silikhala moyo wonse, koma ngakhale litangokhala zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, likhala litasunga fupa mpaka mwanayo atafika msinkhu woti implant n'kulowa.